Kuchotsa mapoyinti pa Triumph ya agogo

6 Julayi 2024

Lero ndi tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, ine ndatulutsa njinga m'shedi kuti ntchito imene ndakhala ndikuizengereza kuyambira chaka chatha iyambike. Njingayo ndi Triumph TR6 ya 1970, injini ya 650cc, mapisitoni awiri, kabuleta imodzi ya Amal. Agogo anga aamuna anaigula ku Bulawayo komwe ankagwira ntchito ya njanji, ndipo atapuma anabwera nayo kumudzi ku Mitundu. Iwo atatisiya inakhala m'chigafa, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, mpaka mu 2019 pamene ndinakaikweza pa lole n'kubwera nayo kuno ku Area 23.

Imalira, imayenda, koma mapoyinti, timilomo tachitsulo timene timatseguka ndi kutsekeka kuti pulagi ithetheke, andikwana. Alipo awiri, silinda iliyonse ake, ndipo amafuna kuwachuna paokhapaokha: mpata wa 0.015 inchi, kenako timing, kutanthauza nthawi imene pulagi iyenera kuthetheka. Ukachuna lero, pakatha milungu itatu silinda yakumanzere yayamba kale kutsalira. Kuseri kwa mapoyintiwo kuli kachipangizo ka advance, ka tizitsulo tiwiri ndi timasipuling'i, kamene kamafulumizitsa moto injini ikakwera. Kanga katha. Ndikakagwedeza ndi chala kamachita khwekhwerere, ndiye njinga ikatentha sitsika, imangolirira pamwamba ngakhale utasiya mafuta. Mapoyinti atsopano mu Lilongwe muno musadzivute n'kufunsa. Anyamata a pa Malangalanga amangokuyang'anani, poti njinga zonse za kabaza ndi za CDI, moto wamagetsi wosafuna mapoyinti, ndipo ambiri a iwo sanaonepo mapoyinti chibadwire.

Kiti ya ignition yamagetsi, yolowa m'malo mwa mapoyinti, yabwera m'chikwama cha msuweni wanga amene amagwira unamwino ku Manchester. Ndamubwezera K260,000. M'katoni muli kabokosi kakuda ka mawaya asanu, kambale kozungulira kokhala ndi timakoyilo tiwiri kamene amati stator, rotor ya maginito awiri, mabawuti awiri a mathiredi osiyana, ndi pepala limodzi la malangizo. Mayi akunyumba anakanyamula kabokosiko m'chikhatho, kukatembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Ndalama zonse zija ndi kameneka?" Sindinayankhe.

Lero ndangojambula mawaya onse pa foni asanasunthidwe, n'kutsuka mbali yakumanja ya injini ndi palafini.

13 Julayi

Thanki pansi, mpando pambali, batire lachotsedwa. Chivindikiro chozungulira cha mapoyinti chili ndi timasikuluwu tiwiri, ndipo mbale ya mapoyinti yatuluka mosavuta. Makondensa ndawachotsanso, alibenso ntchito. Zonse ndaika m'chitini cha mkaka, sinditaya kanthu.

Chimene chandigwiritsa njakata ndi ka advance kaja. Bawuti yapakati yatuluka, koma kachipangizoko kakanirira pa kamshafuti chifukwa kamalowa mopanikiza pa nsonga yosongoka. Ndalowetsa sikuludiraiva kuseri kuti ndikakanule, zotsatira zake ndakanda aluminiyamu wa chivindikiro cha injini, chipsera chotalika ngati chala. Zaka 54 chivindikirocho chili bwinobwino, ine ndachiwononga m'mphindi ziwiri.

Masana ndakwera minibasi kupita ku Biwi kwa madala ena amene ankakonza njinga za Chingerezi kalekale. Ndawaonetsa chithunzi pa foni. Ayang'ana, apukusa mutu.

"Mwana wanga, chimenechi sachikanula. Taona m'kati mwa bowolo, muli mathiredi ena aakulupo. Anawaikira dala."

Avundukula chitini cha mabawuti akale a Land Rover, asankhamo yaitali ya inchi, aipisa mu soketi yolemera, n'kundiuza kuti ndikailowetse m'mathirediwo kenako ndizimenyetsa soketiyo ku mutu wa bawuti, kukokera kunja. Ndawapatsa K10,000, akana kaye mwa mwambo kenako alandira. Kunyumba ndamenya katatu, kachinayi kachipangizo kali m'manja. Safunsa anadyadi phula.

Siilo ya oyilo imene ili kuseri kwake siikudontha, ndiye sindiikhudza. Amene mukufuna kugwira ntchito ngati iyi pezanitu masipanala a inchi. A mamilimita amene tonse tili nawo amaoneka ngati akwana, kenako amadya makona a nati.

20 Julayi

Tsiku lonse lapita ndi makoyilo. Kiti iyi imathethetsa mapulagi onse awiri nthawi imodzi, ndiye makoyilo amalumikizidwa motsatizana, moto kutuluka mu yoyamba kulowa mu yachiwiri. Pa chifukwa chimenechi pepala likuti ndi bwino kuika awiri a 6 volti m'malo mwa a 12 volti amene anabwera ndi njinga. Ndayenda Malangalanga yense, ndabwerera ku Biwi, ndafika mpaka ku Mchesi. Paliponse akunditulutsira koyilo ya njinga za kabaza. Mnyamata wina anachita kulumbira kuti "imakwana paliponse, bwana". Ndinali ndi mita yopimira magetsi m'thumba, ndiye ndinaipima pa kauntala pomwepo: sinafike ndi ohm imodzi yomwe. Koyilo ya CDI ndi mtundu wina, mukaiika pa kabokosi ngati kanga mukaotcha. Ya 6 volti yoyenera imakhala pafupifupi ma ohm awiri, kuti ziwirizo pamodzi zikhale m'ma 4.

Ndatumiza uthenga kwa mlamu wanga ku Joni kuti andifunire kumeneko. Podikira, ndalumikiza akale omwewo a 12 volti motsatizana. Moto ukhala wofooka koma wongoyesera ukwana.

Njinga za ku England za nthawi imeneyo zili ndi chikhalidwe chimene chimasokoneza amakaniko athu: waya wopita ku chitsulo cha njinga ndi wa positive, wofiira, osati negative ngati pa galimoto zamasiku ano. Ndiye pa kiti yanga waya woyera wa kabokosi wapita ku moto wochokera ku kiyi, umene ndi negative, wakuda wapita ku negative ya koyilo yoyamba, wofiira wapita ku felemu limodzi ndi positive ya koyilo yachiwiri. Kabokosi ndakamanga pansi pa thanki ndi mphira wa chubu, ndaika kasiponji pakati kuti kasamagundane ndi chitsulo.

Ndagoneka mapulagi pa injini, ndatsegula kiyi, ndakhudzanitsa mawaya awiri opita ku stator n'kuwalekanitsa. Thethe, mapulagi onse awiri. Ndagona mtima uli m'malo.

21 Julayi

Kuchokera ku tchalitchi molunjika ku shedi. Lero ndi timing ya injini ili chozima.

Triumph iyi imafuna moto pa madigiri 38 pisitoni isanafike pamwamba, injini ikakwera. Anthu a ku fakitale anatiganizira: kuseri kwa masilinda, pamwamba pa injini, pali kabowo kotsekedwa ndi bawuti, ndipo fulaiwilo ili ndi timipata tiwiri. Mukazunguza injini chakutsogolo, kampata koyamba kukumana nako ndi ka madigiri 38, kachiwiri ndi ka pamwamba penipeni. Njinga pa sitandi yapakati, mapulagi kunja, giya yachinayi, mwana wanga wamwamuna akuzunguza tayala lakumbuyo pang'onopang'ono, ine ndagwira kachitsulo m'bowo mpaka kagwera. Pofuna kutsimikiza kuti ndi kampata koyenera, ndapisa pensulo pa bowo la pulagi, ndatulutsa kachitsulo, mwana wazunguzabe, pensulo yakweranso pafupifupi sentimita imodzi isanaime. Ndiye tabwerera pa koyamba kaja.

Pa mabawuti awiri a m'katoni ndasankha imene yalowa mu kamshafuti ndi zala zokha osakakamiza. Rotor ndaiika osamangitsa, stator pamwamba pake, mabawuti ake ali pakati pa timipata tosunthira. Mbaleyo ili ndi timabowo tiwiri toonera, ka injini zozungulira ngati wotchi ndi ka zozungulira chobwerera. Ya Triumph imazungulira ngati wotchi. Ndasuntha rotor mpaka kadontho koyera ka pa maginito kaonekera pakati pa bowo, kenako ndamanga bawuti mpaka yati gwa.

Thanki yabwerera, ndatsegula petulo, ndadina kabatani ka pa kabuleta mpaka petulo wadontha pa chala, kiki. Zii. Kiki ina. Zii. Cha m'ma kiki khumi ndi kasanu yaphulika ku ekizozi, phaa, galu wa aneba n'kuthawira kuseri kwa bafa. Kenako yalira, koma kulira kwa munthu wodwala chifuwa. Ndikaonjezera mafuta ikukana kukwera, ndikasiya ikuzima, ndipo mapaipi atentha mofulumira moti ndimamva kutentha pa miyendo mphindi isanathe.

Ndabwereza timing kawiri, osapeza cholakwika. Dzuwa litapendeka ndi pamene ndinayang'anitsitsa mawaya akale awiri ochokera ku malo a mapoyinti, amene ndinawasiya kuti atumikire stator. Wina amayenera kukhala wakuda wa mzere woyera, wina wakuda wa mzere wachikasu. Zaka zonsezi akumwa oyilo ndi fumbi, mizere yonse iwiri yasanduka yofiirira, ndipo dzulo ndinangolingalira. Ndapala ndi lezala, mitundu yaoneka: ndinawatembenuza. Mawaya awiriwa akasinthana moto umabwerabe, n'chifukwa chake zimapusitsa, koma umabwera pa nthawi yolakwika kutalitali.

Ndawabweza m'malo mwake. Kiki yachiwiri yalira, n'kukhazikika pansi, du du du, monga sinachitirepo chiyambire kukhala m'manja mwanga.

27 Julayi

Ndikulemba mwendo uli pa mpando. M'mawa kunazizira kwambiri, njinga inakhala sabata yonse osalira. Ndinatsegula kiyi, ndinaona kuti nyali ikuwala mofooka koma sindinasamale. Ndinakwera pa kiki ndi thupi lonse, injini n'kubweza. Kikiyo inandimenya pansi pa phazi mwamphamvu moti bondo linakagunda chigwiriro, ine n'kugwera pa ndowa ya madzi. Ndinali nditavala patapata.

Ku chipatala ajambula, fupa silinathyoke, koma kakolo watupa ngati papaya. Dokotala wati milungu iwiri osaponda mwamphamvu. Mayi akunyumba akundithira madzi ofunda anangonena kuti agogo anayenda nayo kuchokera ku Bulawayo ndi mapoyinti omwewo ndipo anamwalira ndi miyendo yonse iwiri yabwinobwino.

Usiku uno mlandu wonse ndaupereka kwa kabokosi. Chitini cha mkaka chija ndachiyang'ana kangapo.

3 ndi 4 Ogasiti

Popeza kiki sindingaponde, ndakhala pa kampando ndi mita masiku awiri. Ndikanayambira pamenepa pa 6 Julayi, kakolo wanga akanakhala bwino.

Madala a ku Biwi nditawaimbira anandifunsa funso limodzi: "Batire lako lili bwanji?" Mapoyinti sasankha, ngakhale batire litafooka amathetheka ndithu pa nthawi yake. Timabokosi ta mtundu uwu tikalandira moto wochepa timasokonezeka, n'kuthethetsa pulagi mofulumira pisitoni ikadali kutali, ndiye injini imabwerera chambuyo. N'zimene zinandimenya.

Batire palokha 12.1 volti. Nditatsegula kiyi latsika kufika 11.8. Koma nditapima pa kabokosi penipeni, pakati pa waya woyera ndi wofiira, mita yaonetsa 10.4 basi. Ndiye kuti 1.4 volti ikusowa m'njira, ndipo ndaitsata malo ndi malo ngati wolondola mbuzi yotayika.

Poyamba pa fyuzi. Ndi yakale yagalasi ija, m'kachubu ka pulasitiki. Kunja kooneka bwino, m'kati timitu tonse tiwiri tabiriwira, ndipo kasipuling'i kafooka. Chikomekome cha mkuyu. Pamenepo pakutayika 0.4. Ndadula zonse, ndaika fyuzi ya galimoto yopyapyala ya 15 amp ndi chogwirira chake.

Kachiwiri pa switchi ya kiyi, 0.5. Ndaimasula, ndatsuka timilomo take ndi mswachi wakale ndi mankhwala opopera a zamagetsi, ndapanikiza timapini tolowetsa ndi pulayala. Tizolumikizira tonse tozungulira ta m'nyali ndatitulutsa kamodzikamodzi n'kutipala ndi sandipepa. Tiwiri tinangothothoka m'manja, waya wake atatsala tingwe titatu.

Kachitatu ndi pamene pandichititsa manyazi. Mu 2021 ndinapenta felemu yonse, penti wakuda wonyezimira, malaya atatu, ndipo ndinkanyadira kwambiri. Waya wofiira wa kabokosi ndinaumanga pa bawuti imene yakhala pa penti ameneyo. Injini nayo imagwirana ndi felemu kudzera pa penti yemweyo. Moto umachita kufunafuna podutsa, ndipo 0.5 yotsala ija imathera pamenepo. Tsopano ndakoka waya wofiira wonenepa kuchokera pa bawuti ya pamutu pa injini mpaka ku positive ya batire, ndipo wofiira wa kabokosi ndi wa koyilo yachiwiri ndawapititsanso ku batire komweko. Felemu sindikuidaliranso.

Kenako funso: batire linafookeranji pomwe njinga imayenda? Mphwanga wabwera kudzandiponderako kiki. Injini ikulira, ngakhale atakweza mafuta, mita pa batire sikudutsa 12.9. Altaneta ikutulutsa moto bwinobwino pa mawaya ake awiri, koma rectifier yakale ya timbale ya pansi pa mpando, imene imawongola moto wa altaneta kuti ulowe m'batire, diode imodzi yafa. Ndiye kuti kwa nthawi ndithu batire lakhala likudya theka la chakudya chake. Ndachotsa rectifier, ndachotsanso waya wa Zener diode ya pansi pa nyali, imene imateteza batire ku moto wochuluka, ndaika kachipangizo kamodzi kamakono, regulator, kogwira ntchito zonse ziwiri, ka mawaya anayi: awiri achikasu ku altaneta, wofiira ndi wakuda ku batire. K35,000 pa Malangalanga. Chenjezo kwa amene njinga zanu ndi za positive ku felemu: tina mwa tizipangizoti chikopa chake chachitsulo n'cholumikizidwa ndi negative m'kati, mukangokamanga pa felemu fyuzi yapita. Pimani ndi mita muli mu shopu momwemo. Ine ndinabweza kawiri, kachitatu ndi kamene ndatenga.

Batire lakale lakana kusunga moto ngakhale nditalitchaja usiku wonse, ndiye latsopano la 12 volti 9Ah, K48,000. Mawaya, fyuzi, tizolumikizira ndi chubu chofinya ndi moto, K14,000. Mnyamata wa pa shopu ya mabatire ataona chithunzi cha mawaya anga anati, "Achimwene, amene anakulumikizirani anakupusitsani, zonsezi n'zotembenuza." Ndinamufotokozera, koma nkhope yake inaonetsa kuti akundimvera chisoni.

Madzulo a Lamulungu: kiyi yotsegula, batire 12.5, pa kabokosi 12.3. Injini ikulira, 14.2. Mphwanga waponda kiki kasanu ndi kawiri nthawi zosiyana, sinabweze ngakhale kamodzi.

10 Ogasiti

Makoyilo a 6 volti afika pa basi ya ku Joni. Pamodzi ndi wonyamula, K110,000. Iliyonse ikupima 1.9 ohm. Ndaikanso mapulagi atsopano a NGK B8ES, K12,000 awiri, mpata 0.025 inchi. Moto tsopano ndi wabuluu, ukumveka kuthetheka uli chapatali.

17 Ogasiti

Timing ya pa 21 Julayi inali yongoti njinga ilire. Yeniyeni imafuna tochi ya strobe, imene imaphethira nthawi iliyonse pulagi ikathetheka, injini ikuthamanga. Ndabwereka kwa makaniko wa magalimoto ku Kawale, K15,000 tsiku limodzi, ndipo yake imaonetsanso liwiro la injini, zomwe zandithandiza poti wotchi yanga ya rpm inafa kalekale. Tochiyo ndaipatsa moto kuchokera ku batire la galimoto ya mphwanga, osati la njinga, kuopa kusokonezana.

Kumanzere kwa injini, pa chivindikiro cha tcheni, pali kambale ka timasikuluwu titatu. Mukakachotsa mumaona rotor ya altaneta yokhala ndi kamzere, ndi kamsomali kolozera. Ndisanakhulupirire kamzereko ndabwezera kachitsulo m'bowo la kuseri kwa masilinda pa madigiri 38, n'kuona ngati kamzere kakulunjika kamsomali. Pa njinga zakale rotor imeneyi imatha kukhwepa pakati pake, kamzere n'kumanama. Yanga yalunjika ndendende. Ndakapaka penti woyera wa m'zikhadabo wa mwana wanga wamkazi kuti kazioneka.

Pepala likuti pimani pa 5,000 rpm. Kulemba n'kosavuta. Triumph ya 650 ikamalira 5,000 ili pa sitandi imayenda yokha chambuyo pa simenti, ndiye mwana wagwira kumbuyo, mphwanga ali pa mafuta, ine ndagwada ndi tochi. Komanso pa njinga za 1970 injini imapumira m'chipinda cha tcheni chimenechi, choncho oyilo amawaza kudzera pa bowolo. Malaya anga oyera a ku ntchito, amene ndinaiwala kuvula, asanduka chigamba chopukutira.

Poyamba kamzere kanapitirira kamsomali, moto ukufulumira ndi madigiri ngati anayi. Tazimitsa, ndamasula mabawuti awiri a stator, ndasuntha mbale motsata wotchi kuti moto uchedwe. Ndinasuntha kwambiri, ndinaiwala kuti kamshafuti imazungulira theka la liwiro la injini, ndiye digiri imodzi pa mbale ndi awiri pa injini. Ulendo wachiwiri moto unachedwa. Wachitatu ndangogogoda mbale ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, kusuntha kochepa ngati makulidwe a chikhadabo. Kamzere kaima pa kamsomali, nji, osagwedera. Ndi mapoyinti kamzere kameneka kankavina uku ndi uku moti umangosankha pakati. Ndayesa tochi pa waya wa pulagi inayo, chimodzimodzi.

Amayi a kuseri kwa mpanda anasuzumira n'kufunsa ngati tatsegula chigayo. Ndawapepesa, ndawalonjeza kuti lero ndi lomaliza.

Ndisanatseke chivindikiro ndamanga mawaya awiri a stator ku mbale ndi kachingwe ka pulasitiki, n'kuika kasiponji m'kati mwa chivindikiro kuti asamagwedere, poti kunjenjemera kwa injini izi kumathyola waya m'kati chikopa chili chabwinobwino.

24 Ogasiti

Ulendo woyesera, msewu wa M1 kulowera ku Dedza. Malita asanu pa K2,530 lita. Kudutsa pa mphambano ya ku Bunda njinga ikukoka mokoma, giya yachinayi ikulandira ngakhale pa liwiro lotsika popanda kugogoda. Ndinayamba kuimba nyimbo m'chipewa.

Nditatsala pang'ono kufika pa Nathenje mphamvu inayamba kuchepa, ngati wina akukoka kumbuyo. Kenako kuphulika ku ekizozi, kenako zii. Ndinaikankhira pansi pa mtengo wa mango, mphepo ya Ogasiti ikundithira fumbi m'maso. Petulo alimo. Fyuzi ili bwino. Pulagi ikuthetheka. Anyamata awiri a kabaza anaima, wina n'kuyamba kufunsa chifukwa chake giya ili kumanja ndipo buleki ili kumanzere, mnzake akuti vuto ndi kabuleta, tiitsegule. Pa msewu aliyense amati kabuleta.

Nditatsegula chivindikiro cha stator ndinapeza tizidutswa tonyezimira pansi pake. Ndinachotsa mbale, kugwira rotor ndi zala, ikuzungulira yokha pa kamshafuti. Bawuti yake ili gwa monga ndinaimangira pa 21 Julayi. Apa m'pamene ndinazindikira: bawutiyo inatalika pang'ono, inakagunda pansi pa bowo isanapanikize rotor mokwanira. Kulimba kumene ndinkamva pa sipanala kunali kwa bawuti yofika pamapeto. Rotor inangogwira mwa mwayi, yapirira strobe yonse ija, n'kudzatsetsereka itatentha pa msewu. Ndikanayesa kuipotoza ndi dzanja tsiku lomwe lija ndikanadziwa.

M'modzi wa anyamatawo ananditengera pa Nathenje, K4,000 kupita ndi kubwera, komwe ndinagula mawashala awiri ndi msomali wa mainchi sikisi. Msomaliwo ndi umene unalowa m'bowo la kuseri kwa masilinda. Mnyamata akuzunguza tayala, ine ndikumvera kampata koyamba, kamtengo ka mango m'bowo la pulagi m'malo mwa pensulo. Mwayi wake ndinali nditalemba kamzere pa mbale ndi pa injini tsiku la strobe, ndiye mbale inabwerera pamalo pake, ine n'kungolunjikitsa kadontho koyera pa bowo. Washala m'modzi pansi pa mutu wa bawuti, kumanga, kuyesa kupotoza ndi dzanja: osasuntha. Kiki imodzi. Anyamata aja anaimba m'manja, wina n'kupempha kuti aiyendetseko. Ndinamukaniza mwaulemu, poti phazi lake likanafuna buleki n'kupeza giya.

Ndabwerera kunyumba pang'onopang'ono, osadutsa 60.

31 Ogasiti

Ndadula mamilimita atatu pa bawuti ija ndi sowo, ndasalaza nsonga ndi fayilo, ndatsuka posongoka pa kamshafuti ndi m'kati mwa rotor kuti pasakhale oyilo. Ndaonetsetsanso kuti washala sakukhudza stator. Makaniko wa ku Kawale wandibwereka strobe ulere ulendo uno, atamva nkhani ya ku Nathenje n'kuseka mpaka misozi. Timing ya pansi pa mango inaphonya ndi madigiri awiri okha. Ndakonza. Kwa amayi a kuseri kwa mpanda ndatumiza mwana ndi paketi ya shuga.

7 Seputembala

Dedza kupita ndi kubwera, makilomita pafupifupi 170. Ndinanyamuka 6 koloko, kiki yachiwiri injini ili yozizira. Zitunda za kufupi ndi Dedza yakwera pa giya yachinayi. Ndinaima pa Linthipe pobwerera n'kumasula mapulagi: onse awiri ofiirira ngati chikopa cha mtedza, ofanana, chinthu chimene sindinachionepo nthawi ya mapoyinti, pomwe yakumanzere inkakhala yakuda bii nthawi zonse. Pa mzere wa magalimoto polowa m'tauni injini yatentha koma ikutsika yokha n'kukhazikika. Batire pofika kunyumba 12.7.

Ndalama zonse pamodzi, kiti, makoyilo, batire, regulator, mawaya, mapulagi, madala a ku Biwi ndi strobe, zakwana K504,000, osawerengera petulo, kabaza wa ku Nathenje ndi chipatala. Kwa mayi akunyumba ndatchula ya kiti yokha ija.

Chitini cha mkaka chokhala ndi mapoyinti, makondensa ndi ka advance ndachiika pa shelefu m'shedi, koma msomali wa mainchi sikisi ndi mawashala zalowa m'kachikwama ka zida pansi pa mpando. Popeza injini tsopano ikukhazikika pansi, ndayamba kumva phokoso lina limene kale linkabisika, kugogoda kopepuka mbali ya tcheni chakumanzere. Loweruka likubwerali ndikhetsa oyilo ndi kutsegula chivindikiro chimenecho.